Besi ya a Simeon M'kamwa mwa Getrude

Loweruka m'mawa pa Namitete, m'kachipinda ka kuseri kwa golosale momwe a Cosmas amakonzera makanema a maukwati ndi a makwaya, makompyuta awiri anali pa tebulo limodzi, ina ya mawu, ina ya zithunzi, chingwe chabuluu chitawalumikiza. Getrude, mkazi wa mng'ono wawo, anali chiimire pakhomo mwana ali kumsana, kudikira kanema wa kwaya yawo amene amayenera kukwera lole ya wani koloko kupita ku chikondwerero cha makwaya ku Nsaru.

"Alamu, mwatha?"

"Amake Promise, funso limeneli mwandifunsa kasanu."

"Inu mwayankha kangati?"

"Khalani pa benchipo muone ntchito ya anthu ophunzira."

A Cosmas anadina batani. Pa sikirini panaoneka Getrude atavala yunifolomu ya kwaya, dzanja lili m'mwamba, akutsegula pakamwa kuti ayambe ndime yake. M'sipika munatuluka mawu a mwamuna, onenepa ngati a thirakitala.

"Mayo ine! Ameneyo ndani?"

"Ndinu."

"Pakamwapo ndi panga, ndapazindikira. Mawuwo?"

"Ndi besi ya a Simeon a m'kwaya mwanu. Musadandaule, mawu akungochedwa pang'ono. Masekondi seveni basi."

"Nanga anga ali kuti?"

"Akubwera m'mbuyomo. Dikirani."

Kamera inasuntha n'kukaima pa Loveness, amene ankangogwedeza milomo mzere wachiwiri. Pomwepo mawu a Getrude anatuluka, osalala bwino, n'kukhazikika pankhope ya Loveness ngati kwawo.

"Imitsani! Imitsani pomwepo!" Getrude anadzuka pa benchi. "Miyezi itatu ndikuyeserera ndime imeneyi. Pamjigo, kudimba, mwana akulira kumsana. Loveness anaifuna, aphunzitsi a kwaya anamukana pamaso pa anthu. Lero inu mwangomupatsa yaulere?"

"Si ine. Ndi netiweki."

"Netiwekiyo ndi mbale wake wa Loveness?"

"Iyayi, mlamu, mvetserani."

"Amayi anga anyamuka ku Kabudula pa kabaza kuti akaone kanemayu pa chinsalu chachikulu. Mipingo isanu ndi umodzi ikhalapo. Akaone mwana wawo akuyimba ngati a Simeon? Akafunsa kuti kodi ku Namitete anakudyetsani chiyani?"

A Cosmas anapukuta magalasi ndi kansonga ka shati, monga amachitira akafuna kuphunzitsa munthu.

"Onani. Iyi ya kumanzere ndi ya mawu. Iyi ya kumanja ndi ya zithunzi. Ndikakonza kuno, zimadutsa m'chingwe ichi, n'kukafika uko. Zikafika, ziwirizi zimayenda limodzi."

"Ndiye konzani."

"Ndakonza kasanu ndi kamodzi."

"Konzani kachisanu ndi chiwiri, ine ndikuona."

Anakoka mzere wobiriwira wa mawu n'kuukankhira kumanzere. Atayesa pa kompyuta ya mawuyo, Getrude wa pa sikirini anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka Getrude.

"Ehee! Ameneyo ndiye ine! Zikomo alamu, ndipatseni ndizipita."

"Dikirani, iyi ndi yongoyeserapo. Kanema weniweni amatulukira uko."

Anatumiza. Kompyuta ya zithunzi inaganiza pang'ono, kenako inatulutsa kabokosi kofiira. Mzere wobiriwira uja unabwerera wokha pamene unali, ndipo a Simeon anayambanso kubangula m'kamwa mwa Getrude.

"Yalemba chiyani m'kabokosimo?"

"Ndi Chingerezi cha makina chimenecho."

"Ndinalekezera Sitandade 7, koma makutu sindinawasiye kusukulu. Masulirani."

"Ikuti, zimene mwanditumizirazi n'zakale, ine ndili nazo kale zatsopano."

"Zatsopanozo yazitenga kuti?"

"N'zimene ndikufufuza."

"Inapita ku Lilongwe inu mutagona?"

"Amake Promise, chonde. Vuto ndi chingwe. Ndachidziwa."

Anagwada, nalowa pansi pa tebulo mpaka kunangotsala nsapato. Kunamveka kufwenthera, kenako kuuzira, fuu, fuu.

"Mukuuzira moto kumeneko?"

"Ndikuchotsa fumbi."

"Koma alamu, chingwe chikanakhala choduka, ya kumanjayi ikanadziwa bwanji kuti mwaitumizira zakale? Yaziona, n'kuzikana. Ndiye kuti zikufika."

"Musandiphunzitse ntchito. Ndinachita kosi ya masabata sikisi mu tawuni. Satifiketi ndi iyo pakhomapo."

"Tsiku la ukwati wanga munali mutachita kale kosiyo?"

Nsapato zija zinasiya kugwedera.

"Mwayambanso."

"Ndangofunsa. Kanema wa ukwati wanga amayambira pa mpunga. Malumbiro mulibe. Mphete mulibe. Abusa mulibe. Munthu akaonera amaganiza kuti ine ndi mng'ono wanu tinangokumana pa chakudya."

"Tayala linaphwa tsiku lija."

"Linaphwera pa bawo pa Mpingu. Anakuonani, mukutakata nkhomo kamera ili pakhosi."

"Zimenezo zinapita!"

"Zinapita, eya. Ndi malumbiro anga omwe."

A Cosmas anatuluka pansi pa tebulo ndi ukonde wa kangaude m'mutu. Anatumizanso. Kabokosi kofiira. A Simeon.

"Mwati mawu akuchedwa masekondi seveni, eti?" anatero Getrude, akusuzumira kuseri kwa tebulo.

"Seveni."

"Nanga chingwe chonsechi mwachikulunga ngati cha mbuzi bwanji? Makompyuta agundana mapewa, koma mawu azungulire mikombero khumi. Mpake kuchedwa. Dulani chifupike."

"Kudula? Mukudziwa chimene mukunena? Mawu sayenda ngati munthu wopita kudimba! Amathamanga ngati mphezi!"

"Mphezi yochedwa masekondi seveni?"

"Khalani pansi."

Getrude anakhala. A Cosmas anadikira kuti ayang'ane kwa mwana, kenako ndi phazi anayamba kuwongola mikombero ija umodziumodzi.

"Ndakuonani."

"Ndikungochotsa kuti musapunthwe."

Anatumiza. Kabokosi kofiira. A Simeon.

A Cosmas anamenya tebulo ndi chikhatho, Promise n'kudzidzimuka kumsana.

"Hilario! Ndi Hilario ameneyu!"

"Hilario wake uti?"

"Uja wojambula wa pa Mpingu. Lachinayi anabwera muno ndi fulashi yake, akuti ndimukoperereko nyimbo. Wandithirira kachilombo m'makina. Nsanje! Makwaya onse amabwera kwa ine."

"Kachilombo ka Hilario kanadziwa bwanji kuti Loveness amafuna ndime yanga?"

"Sikasankha, kamangowononga."

"Kawononga chiyani china?"

"Pakadali pano palibe."

"Ndiye kamasankha."

A Cosmas anaponya maso pa wotchi ya pakhoma, nkhope n'kusintha.

"Taonani! Teni pasiti thwelofu! A Timothy, oyendetsa lole aja, sadikira munthu. Wani koloko ikakwana, amaliza injini ngakhale abusa ali m'chimbudzi."

Getrude sanayang'ane n'komwe wotchiyo. Anangokonza chitenje.

"Ndiye fulumirani."

"Mlamu, tiyeni tigwirizane ngati anthu a banja limodzi. Mutenge momwe zililimu. Mukakafika ku Nsaru mukanene kuti tsiku lojambula munali ndi chimfine."

"Chimfine chomeretsa ndevu pakhosi?"

"Chabwino, nayi nzeru ina. Mukaime pambali pa chinsalu. Pakamwa panu pakatseguka pa kanema, ine nditsitsa sipika, inu muyimbe pompo."

"Nanga kamera ikafika pa Loveness?"

"Ndikweza sipika."

"Alamu, mukufuna mukadye kuti Khirisimasi ya chaka chino?"

Kunja wina ankakangana ndi kondakitala wa minibasi za thumba la mtedza. A Cosmas anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Makina awiriwa sakumvana basi. Ndayesa zonse."

"Sakumvana?"

"Sakumvana."

"Ndiye mwawafunsa?"

"Kufunsa kompyuta?"

"Ine ndi mng'ono wanu titasemphana chaka chatha, ankhoswe sanayambe ndi kuuzira fumbi. Anandifunsa ine pandekha, iye payekha. Funso loyamba linali lakuti zinachitika nthawi yanji. Ine ndinati anabwera usiku, iye anati madzulo. Mlandu unathera pomwepo. Funsani iyi ya mawuyi. Zimene mwakonzazo yati mwakonza nthawi yanji?"

"Izi si za ukwati."

"Funsani, ndikhale chete."

"Mukhaladi chete?"

"Ndiyesa."

A Cosmas anadina monyinyirika.

"Yati leveni fifitini."

"Funsani inzakeyo. Zatsopano zakezo yazipeza nthawi yanji?"

"Imadzisungira yokha mphindi zisanu zilizonse, ndiye zikhala cha m'ma... thwelofu fifitini."

"Ndiye ina ili leveni, ina ili thwelofu, pa tebulo limodzi?"

A Cosmas anayandikitsa mphuno pa ngodya ya sikirini ya kumanzere. Kenako ya kumanja. Kenako ya kumanzerenso. Anavula magalasi, navalanso.

"Haa!"

"N'chiyani?"

"Ndalipeza! Ndalipeza vuto!"

"Mwalipeza inu?"

"Mawotchi asemphana ola lathunthu! Makina sadziwa kuti chabwino n'chiti, amangoyang'ana nthawi. Chimene chili ndi nthawi ya kutsogolo, amati ndicho chatsopano. Ndiye ndikakonza kuno leveni, iyo imati ine ndili kale thwelofu, zako n'zadzana, n'kubwezeretsa zolakwika zija! Mwaona phindu la kosi?"

Getrude anamasula mwana kumsana, n'kuyamba kumukonza kachipewa kamene kanali kale bwinobwino.

"Ndiye kuti... kawotchi kokhako kangachite zonsezi?"

"Kokhako!"

"Ooh."

"Mwatha mawu, eti? Tsopano tione wabodza ndani." A Cosmas analoza ndi chala ngati mlembi wa mpingo akuwerenga manja. "Wotchi ya pakhoma, thwelofu thwente. Foni yanga, thwelofu thwente. Kompyuta ya zithunzi, thwelofu thwente. Atatu. Iwe wa mawu, leveni thwente. Wekha!"

"Mwina yokhayo ndiyo ikunena zoona."

"Atatu aname, mmodzi anene zoona? Munamvapo kuti?"

"Zimachitika."

"Chikompyuta chokalamba ichi! Ndinachigula chogwiritsidwa kale ntchito, ndikachisamalira ngati mwana, lero chikundichititsa manyazi pamaso pa mlamu wanga. Chaulesi! Chogona!"

"Musachitukwane kwambiri."

"Mwayamba kuchimvera chisoni? Chimafuna kukupatsani besi ya a Simeon!"

Anaphimba kiyibodi ndi dzanja limodzi, nalemba pasiwedi ndi chala cha dzanja linalo. Getrude anatalikitsa khosi pang'ono.

"Maso kumbali, mlamu. Iyi yokha ndiye ndinaitseka, muli nyimbo za anthu."

"Ndinaona... ndikutanthauza, ndaona."

Anasuntha wotchi ya kompyuta ya mawu ola limodzi kutsogolo, nakokanso mzere wobiriwira, natumiza. Kabokosi sikanabwere. Pa sikirini ya kumanja Getrude anakweza dzanja, anatsegula pakamwa, ndipo mawu ake anatuluka m'kamwa mwake. Kamera itafika pa Loveness, Loveness ankangogwedeza milomo ngati nsomba.

"Bwerezani pamenepo."

"Pa ndime yanu?"

"Pa Loveness."

"Nthawi palibe! Kanema alowe m'fulashi, ndipo zimenezi zimatenga mphindi makumi atatu ndi zisanu." Anayang'ana kukhoma, nawerenga ndi zala. "Mayo! Zithera wani koloko yeniyeniyo! Kuchoka pano kukafika pa siteji ndi mphindi zisanu. Lole yatisiya basi!"

"Ayi, tipeza."

"Tipeza bwanji? Thamangani mukawagwire a Timothy!"

"Mwana akufuna kuyamwa."

Anakhala pa benchi, natambasula miyendo, n'kuyamba kuyamwitsa. A Cosmas ankayenda uku ndi uku m'kachipindamo, masitepe atatu kupita, atatu kubwera, akulankhula ndi kamzere kamene kankadzaza pang'onopang'ono pa sikirini.

"Yenda, iwe! Yenda!"

"Mwati mphezi."

"Inu bwanji mwangokhala phee? M'mawa wonse mwandiphika, pano zafika povuta mukuyimbira mwana?"

"Ndikukhulupirirani, alamu. Munachita kosi."

"Ndikangodziwa amene anasokoneza mawotchi anga! Makina sasemphana okha ola lathunthu ndendende. Pali dzanja la munthu. Hilario ameneyu ndimupita naye ku bwalo la mpingo."

"Musiyeni Hilario."

"Mukumuikira kumbuyo?"

"Ali ndi ana."

Kamzere kanadzaza. Wotchi ya pakhoma inali pa wani koloko ndendende. A Cosmas anazula fulashi, nsapato imodzi yosamanga, nathamangira kukhomo. Ali pakhomo pomwepo, kumishoni kunayamba kulira belu. Anaima, phazi lili m'mwamba.

"Belu limenelo ndi la chiyani?"

"La thwelofu koloko. Limalira tsiku lililonse."

"Likulira wani koloko?"

"Likulira thwelofu."

"Ndiye a kumishoni achedwa."

"Chibwerere kuno ku Namitete, belu limenelo silinachedwepo."

A Cosmas anayang'ana pansi. Chithunzithunzi chawo chinali chitabisala pansi pa mapazi. Anayang'ana kumsewu. Pa siteji panalibe lole, panalibe munthu wa yunifolomu ndi mmodzi yemwe. Loveness ankadutsa chapatali ndi ndowa pamutu, asanasambe n'komwe. A Cosmas anatembenuka pang'onopang'ono.

"Amake Promise."

"Wawa."

"Dzulo madzulo munabwera kudzandisesera muno."

"Munathokoza."

"Munagwira chiyani?"

"Tsache."

"China?"

Getrude anachotsa mwana kubere, namugoneka paphewa, n'kuyamba kumusisita kumsana.

"Ya pakhomayo ndinakwera pa benchi. Foni munaisiya pa chaja mutapita kokagula ndudu za alendo anu. Ya zithunziyo sinavute, n'chimodzimodzi foni. Ya mawuyi ndiyo inandifunsa pasiwedi, ndinangoisiya."

"Inu? Ndinu?"

"Sindinadziwe kuti zimafunsana nthawi. Foni ya mng'ono wanu ndimaisuntha Loweruka lililonse, palibe chimene chimawonongeka. Mukuganiza kuti amafika bwanji kutchalitchi nyimbo yoyamba isanathe? Mumati wasinthika mtima?"

"Maola atatu! Maola atatu ndakwawa pansi pa tebulo! Ndauzira fumbi! Ndanamizira Hilario! Ndatukwana kompyuta yanga!"

"Yokhayo imene imanena zoona m'nyumba muno. Muipepese."

"Ndiye mutaona kuti ndi mawotchi, osanena bwanji?"

"Mukanadziwa kuti muli ndi ola lina, bwenzi pano muli pa bawo, kanema ali theka."

"Ameneyu ndi mlandu, mlamu! Ndikauza mng'ono wanga! Ndikauza ankhoswe!"

"Kawauzeni. Koma muyambe mwaona m'dzanja lanulo. Muli chiyani?"

A Cosmas anafunyulula dzanja.

"Fulashi."

"Kanema watha?"

"Watha."

"Lole yabwera?"

"Sinabwere."

"Chitsegulireni kachipinda kano, zinayamba zachitikapo?"

A Cosmas anatsegula pakamwa, koma simunatuluke kanthu, ngakhale besi. Getrude anatenga fulashi ija, naimanga pa mfundo ya chitenje kawiri, n'kubereka mwana. Mwini studiyo anakoka benchi mokwiya, nakwerapo, natambasula dzanja kuti abweze wotchi ya pakhoma.

"Isiyeni momwemo, alamu," anatero Getrude ali pakhomo. "Mawa ndi ubatizo wa Promise, ndipo wojambula ndinu."